Galaja ikhale malo opalira matabwa: makabati ndiyambire pati?

Wapuleni_Chilomoni
Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Ine si kalipentala, mkati mwa sabata ndimakhala mu ofesi, koma chiyambire ubwana manja anga sakhazikika akaona thabwa. Malemu bambo anandisiyira bokosi la zipangizo: mapuleni awiri, sowo, matchizulo anayi, sikweya ndi hamala yomwe chigwiriro chake ndasintha kale kawiri. Ineyo ndawonjezerapo drill ndi sowo yamagetsi. Zonsezi zili mbwee m'galaja, zina m'makatoni, zina m'chidebe cha penti. Loweruka lapitali ndinatha ola lathunthu ndikufunafuna tepi yoyezera, kenako n'kuipeza m'thumba la nsapato za ana.

Galajayo ndi ya mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali. Khoma ndi la njerwa zowotcha, pansi ndi simenti, denga ndi malata opanda siling'i. Usiku mumagona galimoto yanga ya Probox. Mulinso matumba 14 a chimanga ndi njinga ziwiri. Maganizo anga ndi oika makabati khoma lonse lakumanzere, kuyambira pansi mpaka kudenga, a zitseko zokongola ngati a kukhitchini. Ndigule matabwa anji? Ndiyambire pati?

Sikweya1958
Mwana wanga, musanagule ngakhale msomali umodzi, tengani choko. Lowetsani galimoto monga mumachitira masiku onse, tsegulani chitseko cha dalaivala, mujambule pansi pamene chafika. Mukatero mubwere mudzatiuze ngati khoma lakumanzerelo mukulifunabe.

Wapuleni_Chilomoni
Madala, ndimayesa mundiuza za matabwa, mwandituma choko?

Sikweya1958
Chokocho n'chotchipa kuposa pulaiwudi.

Injiniya_wa_Mchesi
Madalawo akunena zoona, ndiwawerengere. Probox m'lifupi ndi pafupifupi 1.69 m, osawerengera magalasi a m'mbali. Kabati yapansi ya kukhitchini imatuluka 60 cm kuchoka kukhoma. Pa mamita 3 chotsanipo 60 cm, patsala 2.4 m. Chotsaniponso galimoto, patsala 71 cm, ndipo 71 cm imeneyo muigawe mbali ziwiri. Muzidzatulukira pawindo, achimwene. Koma onani m'litali: galimotoyo ndi ya 4.2 m, galaja ndi ya 6 m. Kumapeto muli ndi 1.8 m. Malo anu ndi amenewo. Benchi ya 60 cm pakhoma lakumapeto, kutsala mita ndi kanthu poima inu. M'mbali muikemo makabati opachika okha, osaya, a 30 cm, pamwamba pa denga la galimoto.

MaiAwiri_Area25
Funso langa ndi limodzi. Chimanga chija chikupita kuti? Ndipo mayi akunyumba akudziwa kuti pano tikukambirana zochisamutsa?

Wapuleni_Chilomoni
Mayi, nkhani imeneyo tiyeni tiisiye kaye. Ikadali kukhoti.

MaiAwiri_Area25
Sindikuseka ayi. Amuna anga anachita zomwezo. Utuchi ndi chimanga sizikhalira pamodzi. Fumbi la matabwa limalowa m'matumba, fungo la vanishi ndi thinazi nalonso limalowa, mwezi wathunthu tinadya nsima yonunkha ngati mpando watsopano. Ndiye kumene kuli chimanga kuli makoswe, ndipo khoswe akapeza dilowa ya nsanza ndi sandipepa amati Mulungu wandimangira nyumba. Chimodzi chituluke. Kwathu kuno chinatuluka ndi chimanga, koma anayamba amanga kaye kachipinda kosungiramo kuseri kwa khitchini, ndipo imeneyo inali ntchito yake yoyamba ya ukalipentala wakewo.

Kamtedza_Jr
Ndiye kuti mayiwa anapeza sitolo yaulere pa nkhani ya hobby ya bambo. Ulemu wanu.

Sikweya1958
Tsopano poti mwayeza, ndinene zanga bwinobwino, mundipirire ndine wokalamba ndimatalikitsa.

Ndapala matabwa zaka zoposa makumi anayi. Aliyense wongoyamba amafuna makabati, chifukwa kabati ndi imene alendo amaona. Koma chimene chimagwira ntchito ndi benchi. Kabati yowongoka simungaipange mutagwada pansi pa simenti, thabwa mwaliponda ndi bondo. Yambani benchi. Ikhale yolemera, yoti mukamapala isamayende. Miyendo ya mainchi 4 by 4, kapena 2 by 4 ziwiri zomatidwa pamodzi, pamwamba matabwa ochindikala. Kutalika kwake musakopere kwa munthu wina. Imani chilili, manja atsike m'mbali, pamene pali mfundo ya dzanja ndi pomwepo. Kwa ambiri zimagwa pakati pa 85 ndi 90 cm. Ikatalika kwambiri puleni mumaikankha ndi mapewa okha, ikafupika msana umakuuzani madzulo. Vayisi, chopanira thabwa, muike kumanzere ngati mumagwira ndi dzanja lamanja.

Benchi ikatha, gwirani ntchito miyezi iwiri kapena itatu popanda kabati iliyonse. Khomani thabwa limodzi kukhoma, mukhomepo misomali, mupachike zipangizo. Mudzaona nokha zimene dzanja limapitako kakhumi pa tsiku: tepi, pensulo, sikweya, hamala. Zimenezo sizifuna chitseko, zikhale poyera. Zimene mumagwira kamodzi pa mwezi ndi zimene zimalowa m'kabati. Mukapanga makabati lero, mupangira zinthu zimene simunadziwe kuti muzizisunga bwanji, ndiye mudzapeza sowo yamagetsi siikwana pashelefu ndi chala chimodzi.

Wapuleni_Chilomoni
Zikomo madala. Koma miyezi itatu zipangizo zili poyera, dzimbiri bwanji? Dzinja lapitali puleni ya bambo inachita kufiira.

Sikweya1958
Puleni ndi matchizulo bwezerani m'bokosi la bambo anu lija, ndi chifukwa chake analipanga. Mukamaliza ntchito pukutani ndi kansanza ka oyilo wa makina osokera. Kandulo nayenso amathandiza, kupaka kunsi kwa puleni, imatereranso bwino.

Nyamatabwa_Mzuzu
Ndikutsutsako pang'ono agogo Sikweya. Malangizo odikira ndi abwino kwa munthu amene ali ndi shedi yakeyake. Bamboyu m'galaja mumalowa ana kudzatenga njinga. Tchizulo chopachikidwa pamsomali ndi mwana wa zaka zisanu, inu mukuona bwanji? Kabati imodzi ya loko ikufunika tsiku loyamba lomwe, ya zakuthwa ndi mankhwala: thinazi, vanishi, guluu, mankhwala a chiswe. Zinazo adikire.

Za matabwa, poti ndili kuno kufupi ndi Chikangawa ndinenepo. Nkhalango ya Viphya ija inadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960, mahekitala pafupifupi 53,000, cholinga chinali fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Paini amene mumagula ku Blantyre ndi ku Lilongwe kwa zaka zambiri ankachokera kumeneko. Masiku ano mitengo ikuluikulu yatha m'malo ambiri, moto ndi macheka zinapita nayo, ndiye matabwa ambiri pamsika ndi a mitengo yaing'ono, ndipo amafika ali aawisi. Thabwa laliwisi mukalikhoma lero, pakatha mwezi lapindika ngati uta, chitseko sichitsekeka. Ponyamula mudzalimva kulemera ndi kuzizira. Mukagula, yalani pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa thabwa ndi thabwa muike timitengo tolingana, pamwamba mutsindike ndi njerwa. Paini wa inchi imodzi m'chilimwe mumupatse miyezi iwiri kapena itatu. Osaumika padzuwa, amang'aluka kunsonga.

Kamtedza_Jr
Ndiye nanunso mwabwerera ku miyezi itatu ya madala ija.

Nyamatabwa_Mzuzu
Eya, koma yanga ili ndi loko.

Bwana_MDF
Bwanji mukuvutika ndi matabwa aawisi m'chaka chino? Gulani MDF kapena chipboard ya melamine, mukadulitse pa makina komwe mwagulako, kunyumba n'kungomanga ndi masikuluwu. Yosalala kale, yoyera kale, penti osafunika. Sabata imodzi makabati atha.

Injiniya_wa_Mchesi
M'khitchini ya siling'i ndi matailosi, inde. M'galaja ya malata, ayi. MDF ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, ikamwa madzi imafufuma ngati chigumu ndipo sibwereranso. Galaja zathuzi madzi amalowa pansi pa chitseko, galimoto imalowa ikudontha, malata amachita thukuta m'mamawa. Sikuluwu yolowa m'mphepete mwa chipboard mukaimasula kawiri yatha ntchito. Kulemeranso: shiti ya MDF ya 18 mm imafika makilo pafupifupi 40, muipachike pakhoma la njerwa, muikemonso zitsulo.

Bwana_MDF
Anga atha zaka zitatu ali bwinobwino.

Injiniya_wa_Mchesi
Ali m'galaja?

Bwana_MDF
M'chipinda chodyera.

Injiniya_wa_Mchesi
Basi.

Chiswe_Sichigona
Mwalankhula za madzi, mwaiwala mwini dziko. Ine ndili ku Zomba. Ndinapanga kabati yabwino ya paini, n'kuikhazika pansi penipeni pa simenti, yogunda khoma. Sindinadziwe kuti pakona simenti inali ndi mng'alu wonga ulusi. Patatha chaka ndi theka ndinakoka dilowa yapansi, chigwiriro chokha n'chimene chinabwera. Kunja penti ili bwinobwino, mkati dothi lokhalokha. Chiswe chimadya mobisa, chimasiya khungu.

Phunziro lomwe ndinalipira ndi ili. Kabati isagunde pansi. Muikweze masentimita 15, pa miyendo yachitsulo kapena pa mzere wa njerwa zopaka simenti, kuti tsache lizilowa komanso maso aziona. Kumbuyo musiye mpata wa zala ziwiri. Chiswe sichiyenda poyera, chimamanga kanjira kadothi, ndipo kanjirako mukamakaona msanga mwapambana. Ming'alu yonse ya pansi muitseke musanayambe.

Dalaivala_wa_Lori
Oyilo wakuda wa mu injini. Pakani matabwa onse, chiswe sichiyandikira. Ife makola a nkhuku timatero.

Sikweya1958
Pa mzati wa khola pakani. Pa kabati ayi. Thabwa la oyilo siligwira guluu, siligwira penti, limadetsa chilichonse mwaikapo, ndipo m'nyumba yotentha ya malata fungo lake silitha. Oyilo wogwira kale ntchito si wabwinonso pakhungu. Mankhwala opakira matabwa alipo m'masitolo a hardware, Solignum ndi ena, pakani mbali zoyang'ana pansi ndi kukhoma.

Nachisale_wa_Vanishi
Ine ndine mayi, ndinaphunzira ukalipentala ku Soche Technical, ndipo makabati ndi ntchito imene imandidyetsa. Achimwene a ku Chilomoni, tengani pepala.

Mabokosi a makabati pangani ndi pulaiwudi kapena blockboard ya 18 mm. Blockboard ndi yabwino pa zitseko ndi mashelefu ataliatali chifukwa mkati mwake ndi timatabwa togona m'litali, koma podula onetsetsani kuti timatabwato tikutsata utali wa shelefu, mukadula mopingasa imathyoka msana. Shiti imabwera 2440 ndi 1220 mm, ija timati 8 by 4 m'mafiti. Nambala imeneyi ndi imene ikuuzeni kukula kwa makabati, osati maloto anu. Mukaidula m'litali mupeza mizere iwiri ya 600 mm, kapena inayi ya 300 mm, sowo itadya yake mamilimita atatu pa mdulidwe uliwonse, chotsala ndi kachipapati. Mukangoti ndikufuna kabati ya 350 mm, mupeza mizere itatu yokha, chotsalacho ndi ndalama yotayika. Ndi mmene zinthu zinakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe amene ali ndi pulaiwudi yotaya.

Shelefu isapitirire 80 cm popanda chochirikiza pakati, ngati muziikapo zitini za penti ndi mabokosi a misomali. Kumbuyo kwa kabati khomani pulaiwudi yopyapyala ya 4 kapena 6 mm, imeneyo ndi imene imagwira bokosi kuti lisapendekeke. Musanaikhome yezani kona ndi kona mopingasa, miyezo iwiriyo ikafanana ndiye kuti bokosi lili sikweya.

Pansi pa benchi musaike zitseko, ikani madilowa. Kabati yakuya 60 cm ya chitseko ndi manda a zipangizo, chimene chapita kumbuyo mudzachiona tsiku losamuka. Ndipo madilowa ambiri osaya amaposa awiri akuya.

Wapuleni_Chilomoni
Asisi, apa ndiye mwanditsegula maso. Kupachika kukhoma nanga? Njerwa zathuzi zina ukaboola zimangosanduka ufa.

Nachisale_wa_Vanishi
Musapachike kabati ndi sikuluwu zolowa kumbuyo kwake mwachindunji, mudzatopa kuinyamula mukusaka bowo. Tengani thabwa louma la masentimita 12 kapena 15 m'lifupi, mulidule pakati m'litali sowo itapendekeka madigiri 45. Mwapeza zidutswa ziwiri zokolana. China mangani kukhoma ndi levulo, mlomo wake ukuyang'ana m'mwamba, chinacho kumbuyo kwa kabati mlomo ukuyang'ana pansi. Kabati mumangoikweza n'kuikoleka. Azungu amati French cleat. Ubwino wake, cha kukhoma chija mutha kuboola paliponse pamene njerwa yalimba, bowo likakana mumasuntha pang'ono. Boolani pakati pa njerwa, osati m'matope olumikizira, makamaka ngati nyumba inamangidwa ndi dothi n'kupaka pulasitala pamwamba. Sikuluwu zikhale zazitali zolowa m'njerwa masentimita 6 kapena 7 kupyola pulasitala, ndi mapulagi ake. Khoma likakhala lofewa kwambiri, musalimbane nalo, imikani mizati kuchoka pansi, kabati ikhale pa mizatiyo, khoma lingoigwira kuti isagwe chafufumimba.

Lendi_Yandikwana
Izi zokoleka zandisangalatsa. Ine ndimakhala ya lendi. Nyumba yapitayo ndinamanga mashelefu olimba m'galaja, tsiku losamuka alandilodi anati chilichonse chogwira khoma ndi cha nyumba. Ndinasiya matabwa anga ndikuwaona.

Nachisale_wa_Vanishi
Mukanakoleka, mukanawasiyira kathabwa kamodzi kakukhoma basi.

Mjoni_wa_Turffontein
Moni kumudzi. Ine kuno ku Johannesburg ndimakhala m'chipinda chakuseri, galaja ndi ya eni nyumba. Ndiye malo anga ogwirira ntchito ali m'thirela, ngolo ija yokokedwa ndi galimoto, yotsekeka pamwamba. Mkati mwa sabata imandithandiza pa maganyu okonza makhitchini, Lamlungu ndimapangiramo zanga. Wina akafuna njira imeneyi amve izi.

M'thirela mdani si chiswe, ndi kulemera ndi mabampu. Thirela yopanda mabuleki ake malire ndi makilo 750, kuphatikizapo thirelayo. Ndinayamba ndi makabati a melamine a 16 mm poti kuno ndi imene ili paliponse, ndisanaikemo chipangizo n'chimodzi chomwe matayala anali atagwada kale. Ndinaphwasula, n'kupanganso ndi pulaiwudi ya 12 mm, guluu ndi sikuluwu pamodzi, chifukwa msomali wokha pamsewu umasukusika. Zolemera zonse, kompuresa ndi bokosi la zitsulo, pansi penipeni, pamwamba pa ekiselo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Tsiku lina ndinaika matumba a simenti kumbuyo, pa N1 thirela inayamba kuvina uku ndi uku, ndinapemphera m'zilankhulo zitatu. Dilowa iliyonse ikhale ndi chotsekera. Ndinaphunzira nditakhota pa roboti, kutsegula ndinapeza masikuluwu mabokosi asanu asakanikirana pansi ngati mpunga ndi nyemba.

Kamtedza_Jr
Mjoni, thirela yodzaza zipangizo ku Joni imagona panja? Inu mumagona tulo?

Mjoni_wa_Turffontein
Imagona mkati mwa geti, tcheni pa ekiselo, tayala limodzi ndimagona nalo m'chipinda.

Dalaivala_wa_Lori
Bwanji osangogula kontena ya mafiti 20? Mamita 6, chitsulo chokhachokha, wakuba alira.

Injiniya_wa_Mchesi
Mkati mwake m'lifupi ndi 2.35 m basi, yocheperapo kuposa galaja ya bamboyu. Ndipo mwezi wa October mukalowamo masana mutuluka mutapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Usiku chitsulo chimachita thukuta, madontho pa zipangizo. Pofika poboola mawindo, kuika siling'i ndi kulipira kireni yodzaitsitsa, mwamanga kale chipinda cha njerwa.

Wobwereka_Sabweza
Poti nkhani ya akuba yatchulidwa, wakuba wamkulu si wa usiku. Ndi neba wobwera masana akumwetulira. Achimwene, tsiku limene anthu a m'dera lanu adzamve sowo ikulira m'galajamo, mwatsegula ofesi. "Tabwerekeni hamala mphindi zisanu." Hamala yanga ina ili chaka chachinayi cha mphindi zisanu. Tchizulo chinabwerako atatsegulira chitini cha penti ndi kugobera simenti.

MaiAwiri_Area25
Ndiye ukakana amati ndiwe wodzimva. Mawa maliro akakugwera ndi omwewo odzakumba manda.

Sikweya1958
Njira yake ilipo. Khalani ndi kabokosi ka alendo: hamala yakale, sowo yobuntha pang'ono, pulayazi, sikuludiraiva. Wobwereka mumupatse za m'menemo ndi nkhope yosangalala. Akafuna puleni kapena tchizulo, muziti bweretsani thabwalo ndikupalireni. Ambiri sabweranso, poti chimene amafuna si kupala.

Wobwereka_Sabweza
Madala, nzeru izi munali nazo kuti zaka zinayi zapitazo?

Mlongo_wa_ku_Leeds
Ndikuwerenga ndili kuno ku Leeds, nsanje ikundipweteka ndi mamita 6 anuwo. Ine ndili ndi kashedi ka kumunda, kolowa munthu mmodzi ndi kapu ya tiyi. Chimene ndaphunzira m'malo ochepa ndi matayala. Kabati yanga ya zipangizo ili pa matayala anayi a buleki, kutalika kwake n'kofanana ndendende ndi benchi. Ndikafuna kudula thabwa lalitali ndimaikokera pambali, imasanduka chochirikiza. Inuyo galimoto ikatuluka m'mawa wa Loweruka muli ndi bwalo lonse, ndiye chinthu chimodzi chizitha kubwera pakati n'kubwereranso kukhoma madzulo. Shiti ya 8 by 4 simungaidulire pa benchi yogunda khoma.

Magetsi_Abwera
Palibe amene wanena za magetsi. Musakoke ekisitenshoni imodzi kuchokera kuchipinda chochezera n'kulumikizapo zonse. Pulagi yathu ya mano atatu ndi ya ma amp 13, pa 230 V ndi mawati pafupifupi 3,000, ndipo ma ekisitenshoni otchipa a pamsika waya wake ndi wowonda, safika n'komwe pamenepo, amangotentha. Mota ya sowo poyamba kuzungulira imakoka mphamvu kuposa imene yalembedwa. Itanani wamagetsi wa satifiketi akukokereni mzere wakewake kuchokera pa bokosi la magetsi, wa buleka yake, masoketi awiri kapena atatu pamwamba pa benchi. Chitani zimenezi makabati asanakwere, si bwino kudzaboola kabati yatsopano kufuna njira ya waya. Nyali muike kutsogolo kwanu pamwamba pa benchi. Babu limodzi la pakati pa denga limakuikani mthunzi wa mutu wanu pomwe mukudula.

Ndipo magetsi akazima, jenereta panja. Osati pakhomo la galaja chitseko chili chotseka theka, panja penipeni. Mu utsi wake muli mpweya wakupha umene sununkha, umangokugonetsa.

Sikweya1958
Magetsi akazima puleni ya bambo ake imagwirabe ntchito. Chaka chija namondwe Ana anawononga Kapichira, 2022, anyamata a makina ankangokhala pa mabenchi kuwerenga ntchentche, ife a manja tikupala.

Magetsi_Abwera
Munkapala mumdima, madala?

Sikweya1958
Benchi yanga ili pawindo. Ndinaiika pamenepo inu musanabadwe.

Nesi_Wausiku
Ndiloleni ndiwononge chisangalalo pang'ono, poti zotsatira zake timazilandira ife. Chonde musamange chimbale cha sowo pa gilayinda. Anthu amachita kuti apulumutse ndalama, gilayinda imazungulira mofulumira kuposa sowo, ilibe chotchinga choyenera, ikaluma mfundo ya thabwa imadumphira kwa mwini wake. Zala zimene ndaziona sindikufuna kuzifotokoza. Magalasi a maso ndi chotseka mphuno mugule tsiku limodzi ndi pulaiwudi, fumbi la MDF makamaka ndi loipa m'mapapo. Nsanza zimene mwapukutira mafuta opaka matabwa a linseed oil musaziunjike m'kona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, ziyanikeni panja chotambasula. M'chipinda chomwe muli petulo wa galimoto, thinazi ndi utuchi, kachozimira moto kakhale pafupi ndi chitseko, osati mkati mwa kabati.

Mlombwa_Weniweni
Ine pulaiwudi sindiiwerengera ngati thabwa. Kabati ya mwamuna ndi ya mlombwa kapena mbawa. Agogo anga anasiya ya mlombwa, mpaka lero chiswe chimangoidutsa.

Nachisale_wa_Vanishi
"Kabati ya mwamuna." Chabwino bambo. Mlombwa wosungiramo zitini za penti? Mtengo umene umatenga zaka makumimakumi kuti ukule, umene m'nkhalango zathu watsala wowerengeka? Mlombwa ukapezeka wa mapepala ake, apangire tebulo lodyera limene zidzukulu zidzalimbirane. Za m'galaja paini ndi bulugamu wouma zikwanira. Bulugamu pa miyendo ya benchi ndi wabwino kwabasi, wolemera, kungoti muziboola kaye musanakhome, amang'aluka.

Nyamatabwa_Mzuzu
Ndipo wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje wotchipa, mutembenuke. Ndi mtengo wa fuko, woletsedwa kudula, ndipo m'phirimo ikuluikulu inatha. Fungo lake silibisika, aliyense wolowa m'galajamo adzadziwa.

Mlombwa_Weniweni
Ndamva, ndamva. Koma chigwiriro cha dilowa chokha ndiye chikhale cha mlombwa, zidutswa zimapezeka kwa akalipentala.

Nachisale_wa_Vanishi
Pamenepo tagwirizana.

Wapuleni_Chilomoni
Ndabwerako ndi choko. Madala Sikweya, mwawina. Chitseko cha Probox chikatseguka chimatsala pang'ono kugunda khoma ngakhale popanda kabati. Ndiye zasintha motere. Benchi ya mamita 2 pakhoma lakumapeto, kutalika 88 cm, ndayeza pa dzanja monga munanenera. Windo lili pomwepo kale. Kabati imodzi ya loko, yokoleka, 300 mm, ndiyamba nayo sabata ino chifukwa cha ana. Paini ndagula, ndamuyala kuseri kwa nyumba ndi timitengo pakati, wogulitsa analumbira kuti ndi wouma koma ndikumunyamula ananyowetsa malaya. Wamagetsi abwera Lachinayi. Pakona yakumanja ndapezadi mng'alu, ndipo pali kanjira kadothi kokwera khoma, kutalika ngati chala.

Chiswe_Sichigona
Ndinanena. Thyolani kanjirako, muone ngati mawa kamangidwanso. Kakamangidwa, mankhwala kaye, simenti pambuyo.

MaiAwiri_Area25
Nanga khoti lija lagamula bwanji za chimanga?

Wapuleni_Chilomoni
Lagamula kuti chimanga chituluka tsiku limene ndidzamalize mashelefu a m'chipinda chosungiramo zinthu, komanso kukonza chitseko cha kabati ya kukhitchini chimene chakhala chikulendewera chiyambire Khirisimasi. Asisi a Nachisale, hinjesi ikazuka pa chipboard, bowo litakula, mumatani?

Nachisale_wa_Vanishi
Boolani bowolo likhale loyera, 8 mm, muthiremo guluu, mukhomeremo kamtengo kozungulira kothina bwino. Mawa mudule chotuluka, muboole kabowo kakang'ono, mubwezere sikuluwu. Tumizani chithunzi tione ngati chitsekocho chawongoka.